Mafunso ndi mayankho: kugona ndi kudya kunyumba yathu ya alendo ya kumunda, ku Kasungu

Awa ndi mafunso amene anthu amatifunsa kawirikawiri pa foni ndi pa WhatsApp, ena asananyamuke, ena atafika kale pageti. Tawayankha monga mmene timayankhira pakamwa titakhala pakhonde. Ngati muli pachangu, werengani za chakudya zokha, chifukwa kusamvana konse kumene takhala nako ndi alendo kunayambira kukhitchini.

Kodi malo anuwa ndi hotela, loji kapena resitihausi?

Ndi nyumba. Inali ya manijala wa esiteti ya fodya, ya nthawi ija ya m'ma 1970 pamene maesiteti ankatsegulidwa paliponse kuno ku Kasungu. Makoma ake ndi a njerwa zowotcha, okhuthala moti masana a Okutobala m'kati mumakhalabe mozizira, pansi ndi simenti yofiira yopolisha, ndipo khonde linazungulira mbali zitatu. Fodya tinasiya kulima. Mabalani awiri amene ankaumitsiramo fodya ndi moto akadali chilili kuseriku, limodzi timasungiramo chimanga ndi mtedza, linalo analanda ndi akadzidzi ndipo tinangowasiyira.

Zipinda zogona zilipo 6, chilichonse ndi bafa lake. Mulibe TV m'zipindamo, ndipo kulibe baa yoliza nyimbo mpaka mbandakucha. Amene akufuna zimenezo asavutike kubwera kuno, pa boma malo otero alipo ambiri ndipo ndi abwino ndithu.

Tifika bwanji?

Kuchokera ku Lilongwe mpaka pa boma la Kasungu pali makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Mudutsa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, muwoloka mtsinje wa Bua, kenako Chinkhoma. Nyengo ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, chenjerani ndi malole odzaza mabelo amene amaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi okushoni ya pa Chinkhoma. Ochokera kumpoto mudzera pa Jenda, Nkhamenya ndi Chatoloma. Mukafika pa boma mutiimbire, chifukwa kuchokera pamenepo ndi msewu wafumbi wa theka la ola, wokhala ndi mphambano zingapo zopanda chikwangwani.

Mapu a pafoni musawakhulupirire mukasiya phula. Amakonda njira yachidule imene ndi ya njinga ndi ngolo. Kufunsa munthu wa m'njira n'kwabwino kuposa, koma mupereke moni kaye, osangotsitsa galasi n'kuyamba kufunsa ngati wapolisi.

Galimoto yanga ndi yaing'ono. Ifika?

Kuyambira Meyi mpaka Novembala ifika popanda vuto, mungodya fumbi. Dzinja ndi nkhani ina. Pali dambo limodzi la dothi la makande limene mvula ikagwa masiku awiri otsatizana limaterera ngati therere. Chaka china mu Febuluwale bambo wina anatikanira titamuuza kuti asiye galimoto pa boma timutenge. Anati wayenda misewu yoipa kuposa pamenepa. Itakwana 7 koloko usiku tinamupeza pakati pa dambo, matayala akungozungulira pamodzimodzi, nsapato imodzi itatsalira m'matope, akazi ake ali phee m'galimoto osayankhula. Inatulutsidwa ndi ng'ombe ziwiri za ngolo za a neba athu, mwini ng'ombezo akuziitana mayina mofatsa ngati akulima. Bamboyo amabwerabe chaka ndi chaka, koma dzinja amasiya galimoto pa boma.

Nanga ife opanda galimoto?

Mabasi ndi maminibasi a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu amaima pa Kasungu. Tikadziwa nthawi, timakutengani pa depoti ndipo mumangolipira mafuta. Kabaza wa njinga yamoto amafikanso, koma osati ndi sutikesi yaikulu.

Timabukitsa bwanji, ndipo timalipira bwanji?

Mutiimbire kapena mutilembere, munene tsiku, chiwerengero cha anthu ndi masiku amene mukhale. Chipinda timachisunga mukapereka theka la ndalama kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki. Zotsalazo mumamaliza potuluka. Makina a khadi tilibe, ndipo ma ATM ali pa boma, choncho musadalire zokatapa ndalama m'mawa wa tsiku lonyamuka. Mtengo umene tikuuzeni ndi wophatikiza kale misonkho ndi chakudya cha m'mawa. Sitinaulembe pano dala, popeza mitengo ya zinthu masiku ano sikugona pamodzi. Risiti timapereka ya ndalama zimene mwalipiradi. Ena amatipempha kuti tilembe yokwererapo yokaonetsa ku ofesi, ndipo yankho lathu limakhala lomwelo nthawi zonse.

N'chifukwa chiyani mumafuna tinene chakudya tisanafike? Kodi mulibe menyu?

Funso ili ndiye mutu wa nkhani. Kuno sitiphika mapoto n'kumadikira amene abwere. Chakudya chimayamba kukonzedwa mukachiitanitsa, ndipo zambiri zimakhala zikadali m'dimba kapena zikuyenda pabwalo panthawiyo.

Titenge nkhuku ya chikuda, imene alendo ambiri amabwerera. Mukanena m'mawa, mnyamata amaigwira isanatuluke m'khola. Ikatuluka, ndiye kuti pakhala mpikisano wozungulira nkhokwe, ana a antchito ali m'mbuyo, agalu akuuwa. Ikaphedwa, aisosole, aiwawule pamoto, aitumbule, aidule. Mayi amene amatiphikira amaiika mumphika wa dothi pamoto wa nkhuni ndi mchere ndi madzi pang'ono, n'kumawonjezera madziwo pang'onopang'ono, osathira ambiri nthawi imodzi. Anyezi ndi tomato amalowa kumapeto, nyama itayamba kulekana ndi fupa, ndipo mafuta amakhala a nkhuku yomweyo. Zonsezi zimatenga maola atatu, tambala wokalamba amapitirira. Palibe njira yachidule. Mukaiphika mothamanga mudzadya mphira.

Tsono taganizani gulu la anthu 8 likufika 9 koloko usiku osanena, onse akufuna ya chikuda. Zinachitikapo. Tinawaphikira mazira, nyemba ndi nsima, ndipo mmodzi anakwiya mpaka kukagona ndi njala. Mawa lake masana anadya nkhuku ija, natafuna mpaka mafupa, n'kupepesa yekha. Choncho chakudya chamasana munene pofika 9 koloko m'mawa, chamadzulo pofika 2 koloko masana. Ngati mukufika usiku, tiuzeni muli m'njira.

Nthutumba timaiika m'mbale ya wamkulu wa gululo monga mwa mwambo. Mukakhala kuti pagulu panu nkhani ya ukulu ndi yovuta, mukagawane nokha.

Kupatula nkhuku, mumaphika chiyani?

Zimatengera mwezi. Mvula ikayamba kumakhala bowa wa m'tchire, utale ndi manyame, amene amayi a m'midzi yoyandikana nafe amabwera nawo m'malichero m'mamawa. Timagula kwa anthu omwewo chaka chilichonse, amene amaudziwa bowa kuyambira ali ana, chifukwa bowa si chinthu choyesera. Nthawi yomweyo ndi ya ngumbi, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wanthete, ndipo mango ndi masuku amakhala mbwee. Febuluwale ndi Malichi kumabwera mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi wophika ndi makoko ake. Tikakolola, mbatata ndi nsinjiro zatsopano zimalowa m'khitchini, ndiye nyengo ya futali. Chilimwe chikafika pachimake timadalira dimba, mpiru, repu ndi tchayinizi, komanso mfutso umene tinayanika dzinja. Ena amaona ngati mfutso ndi ndiwo za osauka. Aulawe wotendera bwino, wa khwanya kapena wa nkhwani, adzatiuze.

Mtedza ndiye chuma cha kuno pambali pa fodya ndi soya, ndipo nsinjiro zathu timasinja mumtondo tsiku lomwelo. Zosinjiratu n'kusunga m'botolo zimataya fungo.

Za nyama, kumakhala mbuzi, nkhunda, nthawi zina nkhanga zoweta. Nyama ya m'tchire sitigulitsa ndipo musatifunse. Tili pafupi ndi paki yosungirako nyama ya Kasungu, ndipo amene amabwera nayo pakhomo usiku timamubweza. Mbewa zilipo nthawi yokolola itatha kwa amene wazifuna, koma sitiziika patebulo popanda kufunsa anzanu amene mukudya nawo.

Amene sadya nsima asadandaule. Mpunga wa Kilombero ulipo, tchipisi, mbatatesi yophika, supageti, saladi wa m'dimba ndi buledi wophika konkuno.

Nsima yake ndi ya ufa wanji?

Woyera kapena mgaiwa, musankhe. Chimanga ndi cha m'munda mwathu. Ufa woyera timakonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, kenako kuchigayo, ndiye umakhala ndi kafungo kaja kamene ufa wa m'sitolo ulibe. Nsima imabwera itangophulidwa, yowomola ndi chipande, m'mbale yovundikira. Musanadye mtsikana amabwera ndi beseni, jagi ya madzi ofunda ndi sopo. Foloko ilipo, palibe amene angakusekeni, ngakhale mayi wathu wophika amayang'ana kumbali akaona nsima ikudulidwa ndi mpeni.

Chambo chimapezeka?

Kasungu si kunyanja. Nsomba zaziwisi zimachokera ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, ndipo timaitanitsa pokhapokha mutatiuza masiku awiri zisanachitike. Zikafika zosatisangalatsa maso ndi mphuno, timazibweza n'kukuuzani zoona. Usipa ndi utaka wouma ndiye sizisowa.

M'mawa timadya chiyani?

Phala la mgaiwa lotendera, mazira, buledi, mbatata kapena chinangwa chophika, zipatso za nyengoyo, tiyi wa ku Thyolo kapena Mulanje, ndi khofi wa ku Mzuzu. Loweruka ndi Lamlungu timawonjezera zitumbuwa kapena chikondamoyo. Uchi ndi wa alimi a njuchi a kufupi ndi paki. Nthawi yake ndi 6:30 mpaka 9 koloko, koma opita kukaona nyama m'mamawa timawalongedzera m'basiketi ndi fulasiki.

Ndili ndi matenda a shuga. Mnzanga sadya nkhumba. Mwana wanga mtedza umamudwalitsa.

Nenani zonsezi pobukitsa, osati mbale zitafika patebulo. A shuga ndi a kuthamanga kwa magazi timawaphikira mgaiwa, masamba ambiri, mchere ndi mafuta zochepa. Nkhumba sitiphika n'komwe m'khitchini mwathu, ndipo Asilamu amene akufuna kuzinga okha nkhuku kapena mbuzi amaloledwa, mpeni ulipo. A Seventh Day amene sadya mlamba ndi zina zotero angonena. Za mtedza ndiye tikupempha kuti mutsindike kwambiri, chifukwa kuno nsinjiro zimalowa paliponse, m'phala, m'masamba, mu futali. Tikadziwa, timapatula mphika ndi mthiko wa mwanayo.

Kodi timadya patebulo limodzi ndi alendo ena?

Chamadzulo inde, ngati simukana. Pali tebulo lalitali la mlombwa limene tinalipeza m'nyumba muno, lokwana anthu 12. Pamenepo pakumanapo ogula fodya, aphunzitsi, azungu oyenda pa njinga zakapalasa kuchokera kumpoto, ndi makolo obwera kudzaona ana kusukulu, ndipo nkhani zake zimafika mpaka nyali zitayamba kuphethira. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe amene mwabwera awiriwiri kudzapumulako ku phokoso la ana ndi achibale, tikuyalirani kanu pakhonde ndipo sitidzafunsa chifukwa.

Zakumwa zilipo? Tingabwere ndi zathu?

Mowa wa m'mabotolo, Malawi Gin, vinyo pang'ono, zoziziritsa kukhosi, ndi thobwa la mawere lophika konkuno. Kubwera ndi zanu n'kololedwa, tikusungirani mufiriji. Chimene sitilola ndi kutsegula zitseko za galimoto n'kuliza nyimbo pabwalo. Ikakwana 10 koloko usiku kunja kumakhala kwa achule ndi nkhululu.

Magetsi, madzi otentha ndi netiweki zili bwanji?

Magetsi akathima, sola imayatsa nyali ndi kutchaja mafoni usiku wonse, koma siikoka ayironi kapena ketulo. Jenereta timailiza madzulo kwa maola ochepa. Madzi ndi a pa mjigo wathu, opopera m'thanki, ndipo akumwa timawasefa. Osamba amatenthedwa ndi nkhuni m'ng'anjo ya kuseri kwa nyumba, imene mlonda amaisonkhezera 5 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo. Mukasamba pakati pa usiku mudzapeza ofunda chabe.

Netiweki imagwira bwino pakhonde la kum'mawa, m'zipinda imabwera n'kumapita. Mauthenga ndi kutumiza ndalama zimatheka. Msonkhano wa pa Zoom wa maola awiri, pamenepo sitikulonjezani.

Udzudzu? Njoka? Kuzizira?

Bedi lililonse lili ndi neti, ndipo muigwiritse ntchito ngakhale musamve kulira kwa udzudzu, makamaka dzinja. Malungo kuno aliko. Mukamva kuphwanya m'thupi musadikire kuti mukafike kwanu, chipatala cha boma chili pa Kasungu pomwepo ndipo tikuperekezani. Njoka ziliko monga kumunda kulikonse, n'chifukwa chake timatchetcha udzu ndi kukupatsani tochi. Usiku musayende chosavala nsapato.

Chimene alendo ambiri amadabwa nacho ndi chisanu. Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kufikira m'mafupa, mpweya kumachita kuoneka potuluka m'kamwa. Tengani juzi yeniyeni. Pabalaza pali malo osonkhapo moto a chumuni, ndipo miyezi imeneyo timayatsa dzuwa likangolowa, mbatata zili m'phulusa.

Ana ndi olandiridwa?

Kwambiri. Amakatola mazira, kuona mbuzi, kukwera ngolo. Muwayang'anire pa damu la kumunsi, ndi lakuya kuposa mmene limaonekera.

Tikaone chiyani kufupi?

Choyamba ndi paki. Kasungu National Park ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, yoposedwa ndi Nyika yokha, ndipo kumadzulo inachita malire ndi Zambia. Inakhala paki mu 1970. Kale inali ndi njovu zambiri, opha nyama mozemba anatsala pang'ono kuzitha, koma mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde pamodzi ndi nyama zina. Pa damu la Lifupa pali mvuu, ndipo chilimwe njovu zimabwera kudzamwa pomwepo. Miyezi yabwino ndi Ogasiti mpaka mvula isanagwe, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana kumene kuli madzi. Dzinja tchire limawirira, mukhoza kuyenda tsiku lonse n'kungoona michira. Madzulo kwerani thanthwe la Black Rock mukaone dzuwa likulowa pamwamba pa nkhalango. M'pakimo mulinso ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala, mufunse wokuperekezani. Musavale zakuda kapena zabuluu, kashembe amazikonda, ndipo akaluma simuiwala.

Mukamacheza ndi anthu a m'midzi ya m'malire mwa paki, musadabwe akapanda kusangalala nanu pa nkhani ya njovu. Kwa inu ndi chithunzi, kwa iwo ndi munda wa chimanga wotha usiku umodzi.

Kum'mawa, pa msewu wopita ku Nkhotakota, kuli Mtunthama. Kumeneko kuli Kamuzu Academy, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981, sukulu yophunzitsa mpaka Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya. Pafupi pomwepo pali mtengo wa kachere umene amati iye anaphunzirira pansi pake ali mwana. Sukuluyo si malo ongolowa, mupemphe chilolezo. Ku Wimbe, dera lomwelo, ndi kwawo kwa William Kamkwamba, uja anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ali mnyamata. Okonda kukwera mapiri, phiri la Kasungu lili pa boma pomwepo, munyamuke kusanatenthe.

Mungatikonzere Gule Wamkulu?

Ayi, sitiitanitsa gule kuti adzavinire alendo pakapinga pamene akumwa tiyi. Bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse, koma eni ake ndi mafumu ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo umatuluka pa zifukwa zake, pamaliro, pachiliza, polonga mfumu, pachinamwali. Zikachitika muli konkuno, timakapempha kwa amfumu, ndipo akalola mumapita ndi munthu wathu. Mukhale pamene akuuzani, muvale modzilemekeza, amayi atenge chitenje, musajambule musanafunse, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono zofupa. Mukakumana ndi gule pamsewu, mupatukire kumbali, muponye kangachepe pansi, adutse.

Timafuna kuchitira pamenepo ukwati kapena msonkhano.

Zithunzi za ukwati, chinkhoswe cha anthu ochepa, kapena msonkhano wa anthu osapitirira 20, zimatheka. Ukwati wa perekaniperekani wa zimkuzamawu ndi anthu mazanamazana, malo ano sangakwanitse. Zimbudzi n'zochepa, thanki ndi imodzi, ndipo tinayesapo kamodzi, kapinga anatenga chaka kuti abwerere.

Dalaivala wathu agona kuti?

Pali chipinda chake chokhala ndi bedi, neti ndi madzi otentha, pamtengo wotsika. Amadya chakudya chomwecho chimene mwadya inu. Zomugoneka munthu m'galimoto mu Julayi sitilola pakhomo pano.

Antchito tingawapatse kangachepe?

Si lamulo. Mukafuna, pabalaza pali kabokosi, ndipo zimene zalowamo amagawana onse pakutha pa mwezi, kuphatikizapo a kudimba, ochapa ndi mlonda uja amadzuka usiku kukusonkhezerani moto wa madzi, amene mwina simudzamuona n'komwe.

Timalowa ndi kutuluka nthawi yanji?

Kulowa ndi kuyambira 1 koloko masana, kutuluka ndi 10 koloko m'mawa. Ngati chipindacho sichikudikira munthu wina, khalani mpaka mudye nkhomaliro. Amene mukufuna kutenga mtedza, ufa, uchi kapena nkhuku yamoyo popita, munene usiku wake kuti tikonzeretu. Nkhukuyo timaimanga miyendo n'kuiika m'katoni yoboola, koma musaitsekere ku buti, siifika pa Mponela.